Caka ca Mpingo ndi Caka ca Munda: Mmene Timaphunzirira Kuyembekezera

Mu caka ca 2024 Pasaka inagwa pa 31 Marici. Mwacizolowezi, nthawi imeneyo pamoto pamakhala dowe, mu mphika muli maungu, ndipo ana amene anaonda mu Febuluwale amayamba kubwerera m'thupi. Caka cimeneco sizinatero m'madera ambiri. Pa 29 Febuluwale, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cafika pokhala ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cimene cinabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Komabe m'mawa wa Sondo imeneyo tinasamba, tinavala, tinadutsa m'mbali mwa minda youma, ndipo tinalowa m'machalichi athu kukaimba kuti Yesu anauka kwa akufa.

Kodi tinali kudzinamiza? Funso ili silocititsa manyazi, ndipo ambiri a ife tinalifunsa mumtima. Kuti tiliyankhe bwino, tiyeni tione cimene caka ca mpingo cili, ndi cimene cimatiphunzitsa pa cikhulupiriro ndi ciyembekezo.

Kodi caka ca mpingo n'ciani?

Ndi njira imene Akristu anakonza yoyendera m'mbiri ya Yesu kamodzi caka ciliconse: lonjezo la kubwera kwake, kubadwa kwake, masautso ndi imfa yake, kuuka, kukwera kumwamba, ndi kutsika kwa Mzimu Woyera. Sicinakonzedwe tsiku limodzi. Coyamba inali Sondo, tsiku loyamba la sabata, pamene ophunzira anali kusonkhana kunyema mkate (Macitidwe 20:7). Kenaka panabwera Pasaka ya caka ndi caka. Msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325 unafuna kuti mipingo yonse izicita Pasaka tsiku limodzi. Lamulo limene timatsata lero ndi lakuti Pasaka ndi Sondo yotsatira mwezi wathunthu woyamba kuoneka kuyambira pa 21 Marici. N'cifukwa cake tsikuli limasintha, koma silibwera pa 22 Marici pasanafike, ndipo silipitirira pa 25 Epulo. Krisimasi inabwera mocedwa: umboni wakale woonetsa kuti inali kucitika pa 25 Disemba ndi wa ku Roma mu 336.

Afirika anali m'kati mwa nkhaniyi kuyambira kale. Bishopu wa ku Alexandria, ku Ejipito, anali kulemba kalata caka ndi caka youza mipingo tsiku la Pasaka. Kalata yotere ya Athanasius ya mu 367 ndi imene ili ndi mndandanda wa mabuku 27 a Cipangano Catsopano monga tili nawo lero.

Ena pakati pathu amati zimenezi ndi za Akatolika. Zoona zake n'zakuti mipingo yathu siyenda mofanana pa nkhaniyi. A Anglican amasunga nyengo zonse pamodzi ndi mitundu ya nsalu zake. Mipingo ina imatsata ndondomeko ya zowerenga ya zaka zitatu, caka cina Mateyu, cina Marko, cina Luka. A Reformed ambiri amasunga masiku akuluakulu okha, ndipo ali ndi Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, amene anagawidwa m'zigawo 52, cimodzi pa Sondo iliyonse. Paulo anaticenjeza kuti tisaweruzane pa nkhani ya masiku (Aroma 14:5-6, Akolose 2:16-17), ndipo tonse tivomerezana kuti tsiku silipulumutsa munthu.

Phindu lake lili apa. Mlaliki aliyense ali ndi mavesi amene amawakonda, ndipo mpingo uliwonse uli ndi zimene umakonda kumva. Tikasiyidwa tokha timazungulira pamalo amodzi monga mbuzi yomangidwa pa cikhomo. Caka ca mpingo cimatikakamiza kumva za mtanda pamene tikufuna za madalitso zokha, ndi kumva za kuuka pamene tafooka ndi maliro.

Kalendala imeneyi inakhwimira m'maiko a kumpoto, kumene Disemba ndi mwezi wa cisanu ndi mdima, ndipo Pasaka imafika mitengo ikuphuka. Kuno kwathu nyengo n'zosiyana. Koma tikaika caka ca mpingo pambali pa caka ca munda wathu, timapeza kuti zimalankhulana mwa njira yathuyathu.

Adiventi: nthawi yobzala

Caka ca mpingo cimayamba pa Sondo yacinai Krisimasi isanafike, pakati pa 27 Novemba ndi 3 Disemba. Mau akuti Adiventi anacokera ku Cilatini, ndipo atanthauza kubwera. Timakumbukira mmene Israyeli anayembekezera Mesiya, ndipo ifenso timayang'anira kubweranso kwake.

Masabata amenewa ndi amene mvula yoyamba imagwa ndipo tonse timathamangira kumunda. Taganizani zimene mlimi amacita. Amatenga mbeu imene anaigula modula, kapena imene anaisunga pamene ana anali kuifuna kuti ikagayidwe, ndipo amaikwirira m'dothi. Palibe amene wamupatsa cikalata cotsimikizira kuti mvula idzagwa mpaka Marici. Yakobo anatenga mlimi woteroyo kukhala citsanzo ca kuleza mtima poyembekezera Ambuye (Yakobo 5:7-8).

Koma apa tisamale. Cikhulupiriro cimene Ahebri 11 amafotokoza cimagwira Mulungu amene analonjeza, ndipo mutu womwewo ukuti ambiri anamwalira asanalandire zimene analonjezedwa. Masiku ano kuli alaliki amene amauza anthu kuti abzale ndalama kwa iwo, ndipo pakutha pa mwezi adzakolola galimoto kapena nchito. Amene anagwirako khasu adziwa kuti ngakhale munda weniweni suyenda tero. Mulungu sanatilonjeze kuti caka ciliconse cidzakhala ca dzinthu. Anatilonjeza Mpulumutsi, ndipo anamutuma. Simeoni ndi Ana anakalamba akuyembekezera m'Kacisi, ndipo cimene anaona pomaliza anali khanda la anthu osauka (Luka 2:25-38). Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Krisimasi: Mulungu pakati pa anthu wamba

Krisimasi imatipeza tikupalira. Mpunga ndi nkhuku zimaoneka tsiku limodzi kwa amene akwanitsa, ndipo m'mutu mwa makolo muli kale mayunifomu ndi mabuku a mu Januwale. Uthenga wa tsikuli sutitengera kutali ndi zimenezi. Pamene Yosefe ndi Mariya anapita ndi mwana ku Kacisi, anapereka mbalame ziwiri (Luka 2:24), nsembe imene cilamulo cinalola kwa mai amene sakwanitsa kupereka nkhosa (Levitiko 12:8). Posapita nthawi banjali linathawira ku Ejipito poopa Herode. Ife amene dziko lathu lasunga othawa nkhondo ku Meheba, ku Mayukwayukwa ndi ku Mantapala, nkhaniyi tiimvetsa.

Pa 6 Januwale mipingo ina imakumbukira anzeru a kum'mawa, cizindikiro cakuti mwanayu ndi wa mitundu yonse. Mu Januwale 2024, masiku omwewo, bwalo la Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala ca odwala kolera, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Dzina lakuti Emanueli litanthauza kuti Mulungu ali nafe. Ngati dzinali ndi loona, linali loona pa mabedi a m'bwalo limenelo monga linalili pa gome la Mgonero. Ciyembekezo cathu cimayambira pa Mulungu amene analowa m'thupi lotha kumva njala, kudwala ndi kufa.

Lenti: miyezi ya njala

Lenti ndi masiku 40 okonzekera Pasaka, osawerengera ma Sondo, kuyambira pa Lacitatu la Phulusa. Imatikumbutsa masiku 40 amene Yesu anasala kudya m'cipululu. Kuno kwathu imayamba mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Marici, pamene nkhokwe zapepuka, mtengo wa unga wakwera, amai akuyenda maganyu m'minda ya ena, ndipo abambo akugogoda kwa a kaloba.

Tsono tingamuuze bwanji kuti asale kudya munthu amene akudya kamodzi pa tsiku? Yesaya 58:6-7 akutiyankha. Kusala kumene Mulungu afuna ndi kumasula oponderezedwa, kugawana cakudya ndi anjala, kulandira osowa pokhala ndi kuveka ausiwa. Motero Lenti ili ndi mau awiri. Kwa amene tili ndi cakudya, ikuti cepetsani, ndipo cimene mwacepetsaco cifike pakhomo la mnzanu. Kwa amene nkhokwe yatha, ikuti Ambuye wanu anaidziwa njala, ndipo woyesa anamufikira pa nthawi yomweyo ndi nkhani ya mkate (Mateyu 4:1-4). Ikutifunsanso ngati ife Akristu sitili pakati pa amene amakongoza thumba limodzi mu Febuluwale kuti alandire awiri mu Meyi.

Nyengoyi imatiphunzitsanso kulira pamaso pa Mulungu. Masalmo 13, 22 ndi 42 ndi mapemphero a anthu amene anafunsa Mulungu kuti akhala cete kufikira liti. Salmo 88 limatha popanda mau otonthoza ngakhale amodzi, koma lili m'Buku Lopatulika. Munthu amene akudandaula kwa Mulungu sanataye cikhulupiriro, pakuti akudziwabe khomo loyenera kugogoda. Pa Lacisanu loyamba la Marici amai a mipingo yosiyanasiyana amasonkhana pa Tsiku la Mapemphero la Dziko Lonse Lapansi, ndipo ambiri a iwo amabwera atasenza nkhawa zimenezi.

Sabata Loyera ndi Pasaka: zipatso zoyamba

Pa Sondo ya Kanjedza timaimba ndi khamu la ku Yerusalemu. Pa Lacinai timakumbukira Mgonero, pa Lacisanu mtanda. Pali tsiku lina limene timalilumpha kawirikawiri, Loweruka, pamene Yesu anali m'manda ndipo kumwamba kunali zii. Ophunzira awiri a ku Emau analankhula za ciyembekezo cawo monga cinthu cimene catha (Luka 24:21). Ambiri m'mipingo yathu akukhala m'tsiku lotere: wacinyamata amene anatsiriza maphunziro zaka zapitazo koma nchito kulibe, mai wamasiye amene acibale a mwamuna anamulanda katundu, banja limene likudwazika mwezi wacisanu ndi cimodzi. Tisawafulumize kuimba aleluya. Yesu mwini anakhala m'manda tsiku lonse limenelo.

Pofotokoza kuuka kwa Yesu, Paulo anatenga mau a kumunda. Anati Kristu ali ngati zipatso zoyamba za onse amene anagona (1 Akorinto 15:20). Aisrayeli anali kubweretsa mtolo woyamba wa dzinthu kwa wansembe asanadye za m'munda (Levitiko 23:10-14). Ife a kum'mawa sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Pa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, Nkhosi ya Makhosi Mpezeni amalawa zoyamba za m'munda, ndipo anthu amadziwa kuti nyengo ya kudya zatsopano yatseguka. Dowe woyamba sakhutitsa mudzi, koma amanena za munda wonse umene ukubwera. Ndi mmene kuuka kwa Yesu kulili. Manda athu akali otseka, koma amodzi anatseguka, ndipo amenewo akunena za ena onse.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lathu. Mu 2024 cizindikiro cinasowa, pakuti dowe sanaoneke m'minda yambiri. Koma Pasaka siinakhazikike pa dowe. Inakhazikika pa cimene Mulungu anacita ku Yerusalemu m'masiku a Pontiyo Pilato, ndipo cilala sicingabweze cimene cinacitika kale. Mneneri Habakuku anawerenga mkuyu wosaphuka, minda yopanda cakudya ndi makola opanda ziweto, ndipo anatsiriza ndi kukondwera mwa Mulungu wa cipulumutso cake (Habakuku 3:17-18). Caka cotsatira Pasaka inagwa pa 20 Epulo 2025, mvula itagwa bwino, ndipo dziko linakolola cimanga coposa kuwirikiza kawiri ca caka ca cilala. Tinayamika, ndipo kunali koyenera. Koma Yesu sanauke kwambiri mu 2025 kuposa mu 2024.

Izi zikutionetsa kusiyana kwa ciyembekezo ca Cikristu ndi kungoganiza kuti zinthu zidzakhala bwino. Kuganiza kotero kumayang'ana mitambo, mtengo wa feteleza ndi mphamvu ya kwaca, ndipo zimenezi zikasintha nako kumasintha. Kalata ya kwa Ahebri imayerekeza ciyembekezo ndi nangula (Ahebri 6:19). Asodzi a pa Kariba adziwa kuti nangula saletsa mafunde. Nchito yake ndi kugwira pansi pamene maso saona, kuti bwato lisatengedwe.

Pentekoste: nthawi yokolola ndi kugawana

Patapita masiku 40 kucokera pa Pasaka timakumbukira kukwera kumwamba, ndipo pa tsiku la 50 ndi Pentekoste, pakati pa Meyi ndi Juni. Kwa Ayuda linali phwando la kukolola tirigu. Kwa ifenso ndi nthawi ya mikukwe m'minda, ngolo zikututa, nshawa zili padzuwa. Pa tsikulo Mzimu Woyera anatsika, anthu a zilankhulo zambiri anamva uthenga yense m'cilankhulo cake, ndipo pafupifupi 3,000 anabatizidwa (Macitidwe 2). Mpingo wa mu Lusaka kapena ku Migodi, umene umaimba m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'Cilozi pa mapemphero amodzi, ukulawa za tsiku limenelo.

Taonani cimene cinatsatira. Okhulupirira anayamba kugawana zimene anali nazo. Pamene njala inaloseredwa m'masiku a mfumu Klaudiyo, Akristu a ku Antiokeya sanangopemphera. Yense anapereka monga anakhoza, ndipo anatumiza thandizo ku Yudeya ndi Barnaba ndi Saulo (Macitidwe 11:27-30). Ciyembekezo coona cimaoneka m'manja. Pa Sondo ya masika timabweretsa matumba a cimanga, nshawa, nkhuku, ngakhale mbuzi, ndipo a m'tauni amabweretsa za m'thumba. Funso loyenera kufunsa akulu a mpingo ndi madikoni ndi ili: pa zimene zabwerazi, n'zingati zimene tisunge kuti zidzathandize amasiye ndi okalamba mu Febuluwale? Yosefe anasunga m'zaka za dzinthu cifukwa anakhulupirira mau a Mulungu onena za zaka za njala (Genesis 41). Makolo athu anati kupatsa n'kuika.

Nyengo yaitali yopanda phwando

Ikapita Sondo ya Utatu Woyera, imene imatsatira Pentekoste, timalowa m'nyengo yotenga pafupifupi theka la caka. Mulibe phwando lalikulu. Muli cisanu ca Juni ndi Julayi, mphepo ya Ogasiti, ndi dzuwa la Okutobala limene limaumitsa zitsime. Ndi nthawi youmba njerwa, ya maukwati, ya misonkhano ya citsitsimutso, ya amai a cigwirizano kuyendera odwala, ya a kalasi kuphunzira. Zowerenga zake ndi ziphunzitso ndi mafanizo a Yesu: kukhululuka, kusamala cuma, kukonda mnansi.

Moyo wa Mkristu wambiri uli m'nyengo yotere. Cikhulupiriro cimayesedwa pa sikelo ya pamsika, pa ndalama za komiti ya mpingo, pa mmene timalankhulira ndi mkazi kapena mwamuna wathu kukada. M'mwezi wa Okutobala muli masiku atatu otithandiza kudzifunsa. Pa 18 ndi tsiku la dziko la mapemphero, kusala, kulapa ndi kuyanjana, limene linayamba mu 2015. Pa 24 timakumbukira ufulu wa mu 1964. Pa 31 timakumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za mu 1517, zimene zinatsutsa kugulitsa cikhululukiro ndi ndalama. Onse atatu amatifunsa ngati zimene timavomereza pakamwa zikuoneka m'dziko ndi mu mpingo.

Ndipo m'nyengo yomweyi muli phunziro lina limene tonse taliona. Mu Seputemba, kunja kuli gwaa, udzu wapsa ndi lupsa, mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe ngakhale dontho. Mizu yake imafika pamene pali cinyezi cimene ife sitiona. Yeremiya 17:7-8 amayerekeza munthu wokhulupirira Yehova ndi mtengo umene suopa caka ca cilala. Mipingo yambiri imatseka caka pa Sondo yotsiriza ndi kulalikira ufumu wa Kristu. Sabata lotsatira mitambo yayamba kusonkhana, makasu akusulidwa, ndipo tayambanso Adiventi.

Tingacite ciani?

Sitikupempha mpingo uliwonse kusintha mwambo wake. Tikupempha zinthu zazing'ono zimene aliyense angathe. Abusa ndi alaliki ayang'ane maulaliki a caka cathaci, aone ngati mpingo unamva mbiri yonse ya Yesu kapena mbali imodzi yokha. Otsogolera nyimbo apatse malo nyimbo za kulira ndi kulapa, osati za cigonjetso zokha. Madikoni alumikize Sondo ya masika ndi miyezi ya njala, kuti nkhokwe ya mpingo ikhale ndi dzina la amene idzawathandize. Makolo auze ana pa mphasa madzulo kuti tili m'nyengo iti ndi cifukwa cake, monga timawauzira nthawi yobzala ndi yopalira.

Timabwereza caka ca mpingo cifukwa timaiwala msanga, ndiponso cifukwa sitifika pa nyengo iliyonse tili cimodzimodzi. Amene anaimba mokondwa pa Pasaka yatha angafike pa ikubwerayi atavala zakuda. Amene analibe mau caka catha angakhale ndiye woyambitsa nyimbo. Tsiku limene mmodzi wa ife sangathe kukhulupirira ndi mphamvu zake, mpingo umanena Cikhulupiriro ca Atumwi pambali pake kufikira mau ake atabwerera. Mutu umodzi susenza denga.

Sitidziwa ngati mvula ya caka cino idzagwa bwino. Tidzabzala, tidzapemphera, tidzasunga ndi kugawana monga tingathere. Ndipo kaya nkhokwe zidzadzala kaya ai, pa Sondo ya Pasaka tidzadutsanso m'mbali mwa minda yathu kupita kukanena zimene Mulungu anacita. Mulungu wa ciyembekezo atisunge tonse m'cikhulupiriro cimeneci, nyengo ndi nyengo.